Kukweza mafayilo pa seva: kumvetsa zimene FTP ndi SFTP zimachita kuti musamangolemba pasiwedi mobwerezabwereza

Mwakonza webusaiti pa kompyuta yanu, ndipo yafika nthawi yoikweza pa seva kuti ena aione. Kampani yosunga mawebusaiti yakutumizirani zinthu zinayi: dzina la seva, dzina lolowera, pasiwedi ndi nambala imodzi, 21 kapena 22. Mwatsegula FileZilla, pulogalamu yotumizira mafayilo, mwalemba zinayizo m'timabokosi ta pamwamba, mwadina batani. Zikayenda bwino, mafoda a pa seva amaonekera kudzanja lamanja, a pa kompyuta yanu kumanzere, ndipo ntchito imangokhala kukoka fayilo kuchoka uku kupita uko. Zikakanika, pamwamba pamatuluka mizere yofiira, ndipo anthu ambiri amayamba kulembanso pasiwedi, kachiwiri, kachitatu, pomwe pasiwediyo ilibe mlandu uliwonse.

Kabokosi kotulukira mizere yofiira ija, kamene ambiri sakayang'ana n'komwe, ndi pamene pamalembedwa kukambirana konse kwa makompyuta awiriwo. Mukadziwa kuwerenga zimene akuuzana, mudzatha kuloza pamene pafera zinthu musanaimbire aliyense. Malangizowa akutsata kukambiranako kuyambira pa moni mpaka fayilo itafika.

Choyamba, dziwani amene akulankhula ndi khomo limene akugogoda

Pali mbali ziwiri. Seva ndi kompyuta imene imakhala yoyaka usana ndi usiku kudikira alendo. Client ndi pulogalamu ya kwa inu imene imapita kukagogoda: FileZilla, WinSCP, Cyberduck, kapena lamulo la sftp lolembedwa pa terminal, zenera lolembamo malamulo a kompyuta. Woyambitsa nkhani nthawi zonse ndi client. Seva imangoyankha.

Seva imodzi imagwira ntchito zambiri nthawi imodzi, kutumiza masamba a webusaiti, kulandira maimelo, kulandira mafayilo, choncho ntchito iliyonse ili ndi nambala yake yotchedwa port. M'nkhani ino tiziti khomo. Adiresi ya seva imakufikitsani pa nyumba, nambala ya khomo imakulowetsani m'chipinda choyenera. FTP, ndondomeko yotumizira mafayilo, imadikira pa khomo 21, SFTP ndi SSH (njira yolowera mu seva mawu atabisidwa) pa khomo 22, mawebusaiti otetezedwa pa 443. Mukagogoda pa 22 koma mukulankhula chilankhulo cha FTP, amene ali mkatimo sakumvani, ndipo pasiwedi yanu sifika ngakhale pofunsidwa.

Chachiwiri, tsimikizani ndondomeko imene mwapatsidwa

Mayina atatu amasokoneza anthu chifukwa amafanana: FTP, FTPS ndi SFTP.

FTP ndi yakale kwambiri. Abhay Bhushan anailemba koyamba mu 1971 ali ku MIT, m'chikalata chotchedwa RFC 114, nthawi ya netiweki yakale yotchedwa ARPANET, intaneti monga tikuidziwa isanabadwe. Malamulo amene mapulogalamu amatsata mpaka lero ali mu RFC 959, imene Jon Postel ndi Joyce Reynolds anatulutsa mu 1985. Pa nthawiyo makompyuta olumikizana anali ochepa, eni ake anali mayunivesite ndi malo ofufuzira, ndipo nkhani yobisa mawu sinaikidwemo. N'chifukwa chake FTP imatumiza dzina lanu, pasiwedi yanu ndi mafayilo anu poyera. Munthu amene ali pa Wi-Fi imodzi ndi inu, kapena paliponse pamene uthengawo ukudutsa, akhoza kuwerenga pasiwediyo chilembo ndi chilembo ngati ali ndi pulogalamu yomvetsera netiweki.

FTPS ndi FTP yomweyo itavekedwa TLS, chitetezo chimene chimabisanso uthenga wa mawebusaiti a https. Ili mitundu iwiri. Wofala umayambira pa khomo 21 monga mwa masiku onse, kenako client imapempha kuti ayambe kubisa mawu ndi lamulo loti AUTH TLS. Umenewu unalongosoledwa mu RFC 4217 mu 2005. Wina, wakale, umabisa kuyambira pa moni penipeni ndipo umagwiritsa ntchito khomo 990.

SFTP ndi chinthu china ndithu, ubale wake ndi FTP uli pa dzina pokha. Imayenda mkati mwa SSH, imene Tatu Ylönen analemba mu 1995 ku Helsinki University of Technology anthu ena atabera mapasiwedi pa netiweki ya yunivesiteyo. Nambala 22 ija anaipempha chifukwa inali yopanda mwini pakati pa 21 ya FTP ndi 23 ya telnet, njira yakale yolowera mu kompyuta yakutali, ntchito ziwiri zimene SSH inabwera kudzalowa m'malo mwake.

Ngati mwapatsidwa ufulu wosankha, tengani SFTP. Ikasowa, FTPS. FTP yopanda chitetezo isiyeni, pokhapokha ngati chipangizo chake n'chakale moti sichidziwa china chilichonse, ndipo chili pa netiweki ya mkati yokha. Ngakhale mabulawuza anaitaya: mu 2021 Chrome ndi Firefox onse anasiya kutsegula maadiresi oyamba ndi ftp://. Komabe gawo lalikulu la malangizowa likhala pa FTP, chifukwa maseva ambiri akadali nayo, ndipo ndi imene imavutitsa.

Mu FileZilla, musadalire timabokosi tolumikizira mwachangu ta pamwamba tija. Tsegulani Site Manager, pangani malo atsopano, ndipo pa Protocol sankhani nokha. Ngati ndi FTPS, pa Encryption sankhani Require explicit FTP over TLS, kuti seva ikakana kubisa mawu pulogalamuyo iime m'malo mopitiriza poyera. Ikaninso pasiwedi yaikulu yotsekera mapasiwedi osungidwa, chifukwa popanda imeneyo amasungidwa m'njira yosavuta kuwerenga kwa aliyense amene wafika pa kompyuta yanu.

Chachitatu, lowani uku mukuwerenga zimene seva ikuyankha

FTP imalankhula ndi mawu wamba. Client imatumiza lamulo lalifupi la zilembo zitatu kapena zinayi, seva imayankha ndi nambala ya manambala atatu yotsatidwa ndi mawu. Kulowa kumaoneka chonchi:

220 seva yakonzeka
USER dzinalanu
331 bweretsani pasiwedi
PASS pasiwedi
230 mwalowa

Mawu otsatira nambala amasiyana seva ndi seva, ndipo nthawi zambiri amakhala m'Chingerezi, koma nambala ndi yomweyo kulikonse. Simukuyenera kuloweza zonse. Gwirani tanthauzo la nambala yoyambirira yokha. Yoyamba ndi 1 ikutanthauza kuti ntchito yayambika, dikirani. Yoyamba ndi 2, yatheka. Yoyamba ndi 3, ndamva koma ndikufuna china. Yoyamba ndi 4, zakanika pakali pano, yesaninso nthawi ina. Yoyamba ndi 5, zakanika ndipo kubwereza zomwezo sikuthandiza.

Tsopano onani pamene kukambiranako kwathera. Ngati 220 sinabwere n'komwe, simunafike pa seva: mwina dzina lake lalakwika, mwina khomo ndi lina, mwina firewall, mlonda amene amasankha makomo ololedwa pa netiweki, yatseka. Pasiwedi sinayesedwe, isiyeni. Ngati pabwera 530 pambuyo pa PASS, apo ndiye vuto ndi dzina kapena pasiwedi. Yang'anani ngati simunakopere ndi kampata kumapeto, komanso ngati dzina lolowera silikufunika lathunthu, lokhala ndi @ ndi dzina la webusaiti, monga makampani ena amafunira. Musamangoyesa mwachimbulimbuli, chifukwa maseva ambiri amatsekera adiresi imene yalephera kulowa kangapo motsatizana, ndiye mudzakhala mwadziwonjezera vuto lachiwiri pamwamba pa loyamba. Koma ngati mwaona 230, mwalowa. Chilichonse chokanika pambuyo pa 230 sichikukhudzana ndi pasiwedi.

Chachinayi, chingwe chachiwiri, pamene ambiri amagwira njakata

Mwaona 230. Pulogalamu yalemba kuti ikutenga mndandanda wa mafoda. Kenako zii. Masekondi makumi awiri adutsa, patuluka mzere wofiira wonena kuti nthawi yatha. Kudzanja lamanja kulibe kanthu.

Chimene chachitika n'chakuti FTP simagwiritsa ntchito kulumikizana kumodzi, imafuna kuwiri. Tizitchula kuti zingwe, ngakhale zonse zimadutsa mu waya kapena Wi-Fi imodzi yomweyo. Chingwe choyamba, cha pa khomo 21, n'cha mawu okha: malamulo ndi mayankho. Chimakhala chotsegula mpaka mutatuluka. Fayilo yeniyeni siidutsa m'menemo. Pa fayilo iliyonse pamatsegulidwa chingwe chachiwiri, cha katundu, ndipo fayiloyo ikatha chimatsekedwa. Ngakhale mndandanda wa mafoda umatengedwa ngati katundu. Ndiye n'zotheka kulowa bwinobwino koma osaona kalikonse, chifukwa chingwe cha mawu chalumikizika pomwe cha katundu chakanika.

Funso lalikulu n'lakuti ndani atsegule chingwe chachiwiricho. Pali njira ziwiri.

Njira yakale imatchedwa active. Client imatsegula khomo lina pa kompyuta yanu, n'kuuza seva ndi lamulo la PORT kuti, adiresi yanga ndi iyi, khomo ndi ili, bwerani. Seva ndiyo imagogoda kwa inu, kuchokera pa khomo lake 20. Mu 1985 izi zinalibe vuto, kompyuta iliyonse inali ndi adiresi yake yodziwika kwa onse. Lero kompyuta yanu ili kuseri kwa rauta, kachipangizo kogawa intaneti pa nyumba kapena pa ofesi, ndipo adiresi imene imaidziwa ndi ya mkati, monga 192.168.1.5, imene mamiliyoni a makompyuta ena alinso nayo m'manetiweki awo. Seva ikauzidwa adiresi imeneyo ilibe kolowera. Ngakhale itadziwa adiresi ya kunja ya rauta, rautayo imakana mlendo amene palibe wamkati anamuitana.

Njira yachiwiri imatchedwa passive, ndipo imatembenuza zinthu. Client imatumiza PASV, kutanthauza kuti tsegulani khomo kwanuko, ndibwera ndine. Seva imayankha chonchi:

227 Entering Passive Mode (203,0,113,10,195,80)

Manambala anayi oyambirira ndi adiresi ya seva, 203.0.113.10. Awiri omalizira ndi khomo, koma lolembedwa mogawa: chulukitsani yoyamba ndi 256, muwonjezere yachiwiri. Apa 195 kuchulukitsa ndi 256 ndi 49920, kuwonjezera 80 ndi 50000. Client imagogoda pa khomo 50000, chingwe cha katundu chimatseguka, seva imati 150, katundu amadutsa, kenako 226 kusonyeza kuti watha. Popeza zingwe zonse ziwiri zayambira kwa inu kupita kunja, rauta yanu ilibe chifukwa chokanira. Palinso EPSV, imene inabwera mu 1998 chifukwa cha maadiresi a mtundu watsopano otchedwa IPv6. Yankho lake ndi 229 ndipo limangotchula khomo lokha, adiresi imakhala yomwe ija ya chingwe choyamba.

Choncho mukakakamira pa mndandanda wa mafoda, chitani izi motsatana. Pitani ku Site Manager, pa Transfer Settings, sankhani Passive. Lumikizaninso. Zikakanikabe, werengani mzere wa 227. Ngati manambala anayi oyambirira akuyamba ndi 10, kapena 192,168, kapena 172 yotsatidwa ndi nambala ya pakati pa 16 ndi 31, ndiye kuti seva nayonso ili kuseri kwa rauta ndipo ikukupatsani adiresi yake ya mkati. FileZilla imazindikira zimenezi n'kugwiritsa ntchito adiresi imene munalowera, koma mapulogalamu ena amakhulupirira zimene auzidwa n'kusochera. Ngati adiresi ili bwino, werengerani khomo lija, ndipo muuze woyang'anira seva kuti mwalowa koma khomo lakutilakuti silikuyankha. Uthenga woterowo amaugwirira ntchito mwamsanga kuposa wongoti FTP sikugwira.

Ngati woyang'anira seva ndinu, dziwani kuti passive inangosamutsira mtolo kwa inu. Kutsegula khomo 21 pa firewall sikokwanira. Muyenera kusankha gulu la makomo a katundu, mwachitsanzo 50000 mpaka 50100, kuuza pulogalamu ya seva kuti izisankha m'menemo mokha, ndi kutsegula gulu lomwelo pa firewall. Mu vsftpd, imodzi mwa mapulogalamu a seva ya FTP, zimenezi zimalembedwa pa pasv_min_port ndi pasv_max_port, ndipo adiresi ya kunja pa pasv_address. Mafirewall ena ndi ochenjera, amamvetsera chingwe cha mawu, akaona 227 amatsegula okha khomo lotchulidwalo. Koma mukangoyatsa FTPS, mawu aja amabisika, firewall samvanso kanthu, ndipo seva imene inkayenda bwino dzulo imayamba kukakamira pa mndandanda. Anthu ena akaona zimenezi amazimitsa TLS. Musatero, tsegulani gulu la makomo lija pamanja.

Kanthu kena kakang'ono: lamulo la ftp limene limabwera ndi Windows silidziwa passive. Mukaliyesa kuseri kwa rauta lidzalowa, kenako lidzangoti duu mukalemba dir. Musataye nalo nthawi.

Chachisanu, binary

Iyi inandipweteka ine ndemwe. Ndinakweza zithunzi zoposa zana pa seva ina pogwiritsa ntchito ftp ya pa terminal, zonse zinapereka 226, ndinatseka kompyuta ndili wokhutira. M'mawa mwake ndikutsegula tsambalo, zithunzi zina zinali ndi kachigawo kakang'ono kooneka bwino pamwamba, pansi ponse mizere yotuwa ndi yobiriwira. Zina sizinatseguke n'komwe. Ndinayamba kukayikira seva, kenako kamera. Nditayerekeza kukula kwa fayilo imodzi, ya pa seva inasiyana ndi yanga ndi mabaiti (timiyeso ta kukula kwa fayilo) mazana angapo.

Chifukwa chake ndi ichi. FTP ili ndi mitundu iwiri yotumizira. TYPE A, kapena ASCII, inapangidwira zolembedwa, ndipo imasintha zizindikiro za kumapeto kwa mzere kuti zigwirizane ndi kompyuta yolandira, popeza Windows imamaliza mzere ndi mabaiti awiri, 13 ndi 10, pomwe Linux imagwiritsa ntchito 10 yekha. TYPE I, imene mapulogalamu amaitcha binary, siikhudza kanthu. M'chithunzi, mu zip kapena mu PDF, baiti ya 10 kapena 13 si mapeto a mzere, ndi gawo la chinthucho. ASCII sidziwa zimenezo, imangosintha paliponse pamene yaipeza, ndipo fayilo imafika itawonongeka popanda chenjezo lililonse. Choipa n'chakuti malinga ndi RFC 959, ASCII ndiyo imene seva imayambira ngati simunanene kanthu.

Pa terminal, lembani binary musanatumize chilichonse, ndipo muone 200. Mu FileZilla, pa Transfer, pa Transfer type, pali Auto imene imasankha potengera mapeto a dzina la fayilo. Ine ndimaika Binary basi. Mapulogalamu olembera a masiku ano amawerenga mapeto a mzere a mtundu uliwonse, choncho phindu la ASCII ndi lochepa poyerekeza ndi zimene ingawononge.

Chachisanu ndi chimodzi, SFTP ndi makiyi

Mukasamukira ku SFTP, mavuto a magawo awiri apitawa amatha. Chingwe ndi chimodzi, pa khomo 22. Malamulo, mndandanda ndi mafayilo zonse zimadutsa m'menemo zitabisidwa. Palibe active, palibe passive, palibe gulu la makomo. Seva ya OpenSSH, pulogalamu ya SSH imene ili pa makompyuta ambiri a Linux, imapereka mabaiti momwe alili.

Pa Linux, pa macOS ndi pa Windows 10 kapena 11, tsegulani terminal mulembe:

sftp dzinalanu@seva.example.com

Ngati khomo linasinthidwa, onjezani -P ndi nambala yake. P wake ndi wamkulu. Pa lamulo la ssh ndi wamng'ono, ndipo ambiri amapunthwa pamenepa.

Ulendo woyamba pulogalamuyo idzaima, idzakuonetsani mzere wautali woyamba ndi SHA256, n'kufunsa ngati mukufuna kupitiriza. Mzerewo ndi chidindo cha kiyi ya seva. Ambiri amangolemba yes osawerenga, koma apa ndi pamene mungatsimikize kuti mukulankhula ndi seva yanu, osati kompyuta ya wina amene wadziika pakati. Funsani woyang'anira akutumizireni chidindocho kudzera njira ina, kapena chiyang'aneni pa akaunti yanu ya kampani yosunga webusaiti ngati amachionetsa, muyerekeze. Safunsa anadya phula. Mukavomera, kiyiyo imasungidwa mu fayilo ya known_hosts, mu foda ya .ssh, ndipo simudzafunsidwanso. Tsiku lina mukadzaona chenjezo la zilembo zazikulu lonena kuti kiyi ya seva yasintha, imani kaye. Mwina sevayo anaikonzanso mwatsopano, ndipo nthawi zambiri ndi zimenezo, koma mumve kwa mwini wake musanafufute kiyi yakale ndi ssh-keygen -R.

Mukalowa, malamulo ndi ochepa. ls ndi cd zimagwira pa seva. lls ndi lcd zimagwira pa kompyuta yanu. put imatumiza, get imakoka, put -r imatumiza foda yonse ndi za mkati mwake, bye imatuluka.

Pasiwedi ikhoza kuganiziridwa, ndipo seva iliyonse yokhala ndi khomo 22 lotsegula imagogodedwa tsiku lonse ndi mapulogalamu oyesa mapasiwedi. Makiyi ndi olimba kuposa pamenepo. Lembani ssh-keygen -t ed25519. Padzapangidwa mafayilo awiri, id_ed25519 ndi id_ed25519.pub. Ya .pub ndi yopatsa ena: zimene zili m'menemo zimaikidwa pa seva mu fayilo ya authorized_keys, ndipo pa Linux lamulo la ssh-copy-id limakuchitirani zimenezi. Inayo, yopanda .pub, sichoka pa kompyuta yanu. Musaitumize pa imelo, musaipatse ngakhale woyang'anira seva. Iye akufuna ya .pub yokha. Polowa, kompyuta yanu imasayina uthenga ndi kiyi yachinsinsi, seva imatsimikiza siginechayo ndi kiyi ya .pub, ndipo chinsinsi chenicheni sichidutsa pa netiweki. Pulogalamuyo ikafunsa mawu otsekera kiyi, ikani, kuti laputopu ikabedwa wakubayo asalowe nayo.

Kiyi ikakanidwa pomwe mwaiika bwino, yang'anani zilolezo pa seva. OpenSSH imanyalanyaza authorized_keys ngati anthu ena angathe kulembamo. Zilolezo zimalembedwa ndi manambala: foda ya .ssh ikhale 700, fayiloyo 600, kutanthauza kuti wololedwa ndi mwini wake yekha.

Chachisanu ndi chiwiri, kutumiza kwenikweni

Yambani ndi kuona foda imene muli. Mawebusaiti ambiri amawerengedwa kuchokera mu public_html, www kapena htdocs; mukaika mafayilo kunja kwake, adzafika bwino koma tsamba silisintha. Musanalembe pamwamba pa fayilo yakale, ikokeni kaye muisunge, chifukwa pa FTP ndi SFTP palibe bini yobwezera zimene zafufutidwa.

Za liwiro, musadabwe manambala akasiyana. Makampani a intaneti amayeza mu mabiti, mapulogalamu otumizira amaonetsa mabaiti, ndipo baiti imodzi ndi mabiti 8. Ngati liwiro lanu lokwezera ndi 10 Mbps, mudzaona pafupifupi 1.25 MB pa sekondi, ndipo fayilo ya 1 GB idzatenga mphindi 13 kapena kuposerapo. Kumbukiraninso kuti liwiro lokwezera nthawi zambiri limachepa kuposa lokokera.

Timafayilo tating'onoting'ono tambirimbiri timachedwa kuposa fayilo imodzi yaikulu yolemera mofanana, makamaka pa FTP, pamene kalikonse kamafuna PASV yake, chingwe chake, 150 ndi 226 yake. Ngati muli ndi mwayi womasula zip pa seva, mangani zonse mu zip imodzi, tumizani, mukamasulire komweko. Kuwonjezera chiwerengero cha mafayilo otumizidwa nthawi imodzi kumathandiza pang'ono, koma mukapyola malire a seva mudzalandira 421. Tsitsani chiwerengerocho pa Transfer Settings chifike pa ziwiri kapena zitatu.

Intaneti ikaduka pakati pa fayilo yaikulu, musayambirenso pachiyambi. FTP ili ndi lamulo la REST limene limauza seva baiti yoyambira, ndipo mapulogalamu amakufunsani ngati mukufuna Resume. Pa sftp lembani reget kapena reput. Chenjezo n'lakuti izi zimangowonjezera pamene panathera, sizifufuza ngati gawo loyamba likufanana. Ngati munasintha fayiloyo pakatipo, itumizeni yonse mwatsopano.

Ngati pa seva pali pulogalamu ina imene imatola mafayilo akangofika, tumizani ndi dzina losakhalitsa, mukamaliza musinthe dzinalo. Kupanda kutero ikhoza kutola fayilo ya theka. Pa SFTP, WinSCP imachita yokha zimenezi pa mafayilo aakulu, n'chifukwa chake mumaona dzina lothera ndi .filepart pamene ikutumiza.

Chomaliza, tsimikizani kuti chafika ndi chomwe chinanyamuka

Nambala 226 imangonena kuti chingwe chatsekedwa bwino. Zithunzi zanga zija zonse zinali ndi 226. Yerekezani kukula kwa fayilo mbali zonse ziwiri, mu mabaiti, osati mu MB zongozungulira. Pa fayilo yofunika, monga zosungira za database, pitirirani pamenepo. Pa Linux lembani sha256sum ndi dzina la fayilo, pa macOS shasum -a 256, pa Windows certutil -hashfile dzina la fayilo SHA256. Mudzapeza mzere wa zizindikiro 64. Chitani chimodzimodzi pa seva. Baiti imodzi yokha ikasiyana, mzerewo umasintha wonse.

Fayilo ikafika yathunthu koma webusaiti ikukana kuionetsa, zifukwa zake nthawi zambiri ndi ziwiri. Choyamba ndi zilolezo: mafayilo wamba a webusaiti amakhala 644, mafoda 755. Mudzawerenga malangizo ena oti ikani 777 zonse ziyende. Zidzayendadi, koma mudzakhala mwalola akaunti iliyonse ya pa sevayo kulemba m'mafayilo anu. Chachiwiri ndi zilembo: Linux imasiyanitsa zazikulu ndi zazing'ono, choncho Chithunzi.JPG ndi chithunzi.jpg ndi mafayilo awiri osiyana, pomwe pa Windows panu zinkatseguka ngati chimodzi.

Manambala ena amene mungakumane nawo panjira: 425 ndi chingwe cha katundu chimene chakanika kutseguka, bwererani ku gawo lachinayi, 550 ndi fayilo imene kulibe kapena imene mulibe chilolezo choikhudza, 552 ndi malo amene adzaza pa akaunti yanu, 553 ndi dzina la fayilo limene seva yakana. Ndipo ngati mukufunafuna .htaccess koma sikuoneka pa mndandanda, sikuti yasowa: mafayilo oyamba ndi kadontho amabisidwa, ndipo mu FileZilla mumawaonetsa pa Server, posankha Force showing hidden files.